Chili pamwamba pa Mushili, cholemera ngati madzuwa 4 miliyoni

Cha m'ma 9 koloko usiku, mwezi wa July, malaiti athima ku Mushili, komboni ya ku Ndola.

Nyimbo ya m'bala yadukira pakati. Ana akuwa pang'ono, kenako azolowera. Pa kantemba mayi ayatsa kandulo, ndipo m'makhonde mbaula zayamba kuoneka kufiira, ina apa, ina uko, mpaka kumapeto kwa msewu. Kukuzizira. Fumbi la masana lakhazikika, utsi wa makala uli pansipansi.

Kutali jenereta ya winawake ikulira yokha.

Ukakweza maso nthawi imeneyi umaona chimene magetsi amabisa masiku onse. Mlalang'amba wadutsa thambo lonse, woyererako, wokhala ndi zigamba zakuda pakati. Pamene wakula ndi kuwala kwambiri ndi pafupifupi pamutu penipeni, kupendekera pang'ono kummwera.

Pamenepo, kuseri kwa fumbi la m'mlengalenga, pali chinthu cholemera kuposa dzuwa lathu kuwirikiza ka 4 miliyoni.

Asayansi amachitcha Sagittarius A*. Ndi black hole yaikulu imene ili pakati pa mlalang'amba wathu, ndipo dzuwa, dziko lapansi ndi nyenyezi zonse zimene maso athu amaona zikuzungulira dera limenelo. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kuchoke kumeneko kudzafika pa malata a nyumba za ku Ndola.

Munthu wa ku London akafuna kuyang'ana mbali imeneyo amaipeza m'munsi kwambiri, pafupi ndi madenga. Wa ku Mushili amangokweza mutu.

M'chaka cha 2024 anthu a kuno anaona thambo limeneli kuposa mmene akanafunira. Pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anaphwera, ndipo popeza magetsi ambiri a Zambia amachokera ku madzi, pofika September makomboni ena ankakhala mumdima maola 20 kapena kuposa pa tsiku. Owotcherera zitsulo, ometa tsitsi, ogulitsa nkhuku za m'firiji, onse analira. Palibe angayamikire mdima wotero.

Koma mwana amene anakhala panja chifukwa TV yazima, n'kufunsa kuti choyera chija kumwambako n'chiyani, anafunsa funso lokhala ndi yankho. Ndipo Zambia inasaina kuti idzakhala nawo pa ntchito yofufuza yankholo.

Chakuda chimene chimawala

Black hole ndi malo pamene zinthu zambiri zapanikizana pa kadanga kakang'ono, moti mphamvu yake yokoka imagwira chilichonse chofika pafupi, ngakhale kuwala kumene. Dziko lapansi lonseli, ndi mapiri ndi nyanja zake, litafinyidwa mpaka m'mimba mwake mutatsala masentimita osakwana 2, lingasanduke black hole.

Zina zimabadwa nyenyezi yaikulu ikafa. Zimene zili pakati pa milalang'amba ndi zamtundu wina. Zimalemera ngati madzuwa mamiliyoni, zina mabiliyoni.

Nanga chosaoneka anachiyeza bwanji?

Anayang'ana nyenyezi zoyandikana nacho. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, magulu awiri, lina lotsogozedwa ndi Reinhard Genzel wa ku Germany, lina ndi Andrea Ghez wa ku America, anatsatira nyenyezi za pakati pa Mlalang'amba chaka ndi chaka. Gulu la Genzel linkagwiritsa ntchito matelesikopu a ku Chile, la Ghez a ku Hawaii. Nyenyezi imodzi, yotchedwa S2, inaoneka ikuzungulira malo opanda kanthu kooneka, n'kumaliza ulendo wake m'zaka 16 zokha. Ikafika pafupi imathamanga makilomita oposa 7,000 pa sekondi. Masamu a mphamvu yokoka, omwewo amene ana amakumana nawo m'kalasi ya physics, anapereka kulemera kwa chimene chikuikoka. Mu 2020 awiriwa analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Roger Penrose.

Black hole yathuyi ndi yofatsa. Chakudya ilibe chokwanira, ndiye ili phee.

Kwina zinthu sizili choncho. Mpweya ndi fumbi zikachuluka pafupi ndi black hole sizigwera m'kati molunjika. Zimayamba zazungulira, kupanga chimbale chachikulu chosalala, zam'kati zikuthamanga kwambiri kuposa zakunja. Aliyense amene anapitako kuchigayo akudziwa kuti ufa umatuluka wotentha, moti ukafika kunyumba uyenera kuuyanika, ngakhale m'chigayomo mulibe moto. Kukhulana kokha ndiko kwautenthetsa. Mpweya wozungulira black hole umakhulana chimodzimodzi, pa liwiro la makilomita masauzande ambiri pa sekondi, ndipo umatentha mpaka kuwala kuposa nyenyezi zonse za mlalang'amba wake kuziphatikiza.

Choncho chimene chimawala ndi chakudya chimene chili pakamwa, chisanamezedwe.

Njira imeneyi yotulutsira mphamvu ilibe inzake. Dzuwa likamasandutsa hydrogen kukhala helium, gawo losakwana 1 pa 100 la kulemera kwake ndilo limasanduka mphamvu. Chimbale cha black hole chimatulutsa magawo pafupifupi 10 pa 100. Mlalang'amba umene pakati pake pakuyaka motere asayansi amati uli ndi active galactic nucleus, mwachidule AGN. Owala kwambiri mwa onsewo ndiwo ma quasar.

Kanyenyezi kamene sikanali nyenyezi

Nkhani ya ma quasar ndi yamsinkhu umodzi ndi dziko la Zambia.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 akatswiri anali ndi mndandanda wa malo a kumwamba amene ankatulutsa mafunde a wailesi, koma ambiri mwa malowo sankadziwika kuti kuli chiyani. Mu 1962 Cyril Hazard ndi anzake, pogwiritsa ntchito dishi ya ku Parkes ku Australia, anadikira kuti mwezi udutse kutsogolo kwa malo amodzi otchedwa 3C 273. Nthawi imene mafunde anaduka ndi imene anabwerera zinawauza malo ake enieni. Pamalopo panali kanyenyezi kooneka wamba.

Mu February 1963 Maarten Schmidt, pofufuza kuwala kwa kanyenyezikako kumene anajambula ndi telesikopu ya mamita 5 ya ku Palomar ku California, anazindikira kuti mizere yachilendo imene inkamuzunguza mutu inali ya hydrogen wamba, koma itasunthira ku mbali yofiira ndi magawo 16 pa 100. Tanthauzo lake linali limodzi. Chinthucho chinali kutali kwambiri, kunja kwa mlalang'amba wathu, pa mtunda umene kuwala kumauyenda zaka pafupifupi 2 biliyoni.

Tiyeni tiime kaye pa nambala imeneyi, chifukwa kuno ku Kopala, dera la migodi ya mkuwa, tili ndi choiyezera. Miyala imene imasunga mkuwa wa ku Bwana Mkubwa, Nkana ndi Mufulira inayamba kuunjikana zaka zosakwana 900 miliyoni zapitazo. Kuwala kwa 3C 273 kumene kukufika usiku uno kunanyamuka miyala imeneyo kulibe. Pamene matope ake oyamba ankakhazikika pansi pa madzi, kuwalako kunali kutadutsa kale theka la ulendo.

Dzina loti quasar linatuluka m'magazini ya sayansi mu 1964, chaka chimene mbendera ya Zambia inakwera koyamba. Mu 1969 Donald Lynden-Bell wa ku Britain ananena kuti ma quasar amene chakudya chinawathera sanapite kulikonse, ali chigonere pakati pa milalang'amba yoyandikana nafe, kuphatikizapo wathu. Mu 1974 Bruce Balick ndi Robert Brown anagwira mafunde a wailesi ochokera pa kadontho ka pakati pa Mlalang'amba. Kadontho kameneko ndi kaja kamadutsa pamwamba pa Mushili.

Lero ma quasar odziwika ndi oposa miliyoni imodzi. Mu February 2024 gulu la Christian Wolf wa ku Australian National University linalengeza za ina yotchedwa J0529-4351. Gululo linati black hole yake imalemera ngati madzuwa 17 biliyoni, ndipo imameza zinthu zolemera ngati dzuwa limodzi tsiku lililonse.

Tsiku lililonse.

Munthu wa migodi ndi mafakitale angamukonde Fanaroff

Ma black hole ena samangodya. Amalavulanso. Mbali ziwiri za chimbale chija kumatuluka mizere iwiri yopyapyala ya tinthu tothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo mizereyo imaboola mlalang'amba wonse n'kupitirira kunja. Heber Curtis anaona mzere wotere mu 1918 mu mlalang'amba wa M87, osadziwa kuti n'chiyani. Mizere imeneyi imatenthetsa ndi kukankha mpweya umene ukanapanga nyenyezi zatsopano, moti black hole, ngakhale ndi yaing'ono poiyerekeza ndi mlalang'amba wake, imalamula kuti mlalang'ambawo ukule mpaka pati.

Mu 1974 wophunzira wina wa ku Johannesburg amene anali ku Cambridge, Bernie Fanaroff, pamodzi ndi Julia Riley, anapeza kuti milalang'amba yokhala ndi mizere yotere ili m'magulu awiri. Ina imawala kwambiri pafupi ndi pakati n'kumazilala kunja. Ina, yamphamvu kwambiri, imawala kumapeto kwenikweni kwa mizere. Mpaka lero dziko lonse limatchula magulu awiriwa ndi mayina awo.

Fanaroff atabwerera kwawo anasiya zakuthambo. Anakhala zaka zambiri akusonkhanitsa ogwira ntchito za zitsulo m'bungwe la apantchito pa nthawi ya tsankho, mpaka kukhala mmodzi wa atsogoleri a NUMSA. Kenako anagwira ntchito mu ofesi ya Nelson Mandela. Kuyambira 2003 anatsogolera South Africa pa mpikisano wolimbirana telesikopu ya wailesi yaikulu kwambiri padziko lonse, Square Kilometre Array, SKA.

Ndikuona kuti mbiri ya munthu ameneyu iyenera kukambidwa m'masukulu a ku Ndola ndi Kitwe, kumene pafupifupi banja lililonse lili ndi wina amene anagwirapo ntchito ya mgodi kapena ya m'fakitale. Iye sanaone mpanda pakati pa malipiro a wowotcherera zitsulo ndi ma quasar.

Pa 25 May 2012 chigamulo chinatuluka: SKA idzagawidwa pakati pa Australia ndi Africa. South Africa sinapikisane yokha. Inali ndi mayiko 8 ogwirizana nayo: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia.

Zipatso zoyamba zinaoneka ku Karoo, ku South Africa. Pa 13 July 2018 anatsegula MeerKAT, madishi 64, iliyonse ya mamita 13.5, ndipo chithunzi chimene anaonetsa tsiku limenelo chinali cha pakati pa Mlalang'amba, chooneka bwino kuposa china chilichonse chimene mafunde a wailesi anali ataperekapo. Kumpoto kwake, ku Namibia, matelesikopu a H.E.S.S. anali atadabwitsa kale dziko mu July 2006, pamene anaona mlalang'amba wa PKS 2155-304, umene mzere wake waloza pafupifupi kwa ife, ukusintha kuwala m'mphindi zochepa chabe.

Kummwera kwa Africa kwasanduka bwalo lalikulu la kafukufuku ameneyu. Chifukwa chake n'chomwe chija: thambo labwino lili mbali ino.

Foni ya m'thumba imadalira ma quasar

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino, koma ufa wadula, madzi m'mipopi ndi a mwa apo ndi apo, ndipo achinyamata a Giredi 12 ali mbwee pamsika kusowa ntchito. Funso limeneli ndi loyenera, ndipo siliyenera kuyankhidwa ndi mawu okometsera.

Yankho limodzi lili m'thumba mwa wofunsayo.

Dziko lapansi silizungulira mosalala. Limagwedezeka pang'ono, ndipo kutalika kwa tsiku kumasintha ndi tizigawo tating'ono ta sekondi chifukwa cha mphepo, nyanja ndi zochitika za pansi pa nthaka. Masetilaiti a GPS, kuti auze foni pamene ili, ayenera kudziwa mmene dziko lapendekera pa nthawi imeneyo. Pamafunika zikhomo zosasuntha zoyezerapo. Nyenyezi zimasuntha. Ma quasar ali kutali kwambiri moti kwa ife saoneka kusuntha ngakhale pang'ono.

N'chifukwa chake kuyambira 1998 mapu ovomerezeka a kumwamba anakhomedwa pa ma quasar, ndipo mndandanda umene unavomerezedwa mu 2018 uli ndi malo oposa 4,500. Madishi a m'makontinenti osiyanasiyana amayang'ana quasar imodzi nthawi imodzi, n'kuyerekeza kuti mafunde afika liti pa dishi iliyonse. Kusiyana kwake kumaulula mmene dziko latembenukira.

Wojambula malire a puloti ku Mushili, woyeza mgodi ku Chingola, dalaivala wa thiraki yopita ku Kasumbalesa amene bwana wake akumutsatira pa kompyuta, onse akutsamira pa ma black hole a kutali osadziwa.

Vuto ndi lakuti madishi ochita ntchito imeneyi anaunjikana kumpoto kwa dziko. Kwa zaka zambiri Africa yonse inkadalira malo amodzi, Hartebeesthoek, pafupi ndi Johannesburg, kumene kuli dishi ya mamita 26 imene NASA inamanga mu 1961. Pakati pa Johannesburg ndi Ulaya panali mpata waukulu wopanda dishi.

Mpata womwewo unaonekanso pa 10 April 2019, tsiku limene dziko linaona koyamba chithunzi cha black hole: mkombero wowala wozungulira mdima pakati pa M87, kumene kuli cholemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni. Chithunzicho chinachokera ku matelesikopu 8 amene anagwira ntchito pamodzi mu April 2017, ku Chile, Hawaii, Mexico, Arizona, Spain ndi ku South Pole. Zimene anajambula zinachuluka moti sizikanatumizidwa pa intaneti. Anazinyamula pa ndege m'mabokosi. Pa 12 May 2022 gulu lomwelo linaonetsa chithunzi cha Sagittarius A*.

Mwa matelesikopu 8 aja, ya mu Africa panalibe. Namibia, pamodzi ndi Radboud University ya ku Netherlands, ikukonzekera kumanga yake kufupi ndi phiri la Gamsberg kuti itseke mpata umenewu.

Nanga Zambia ili pati?

Mayiko ogwirizana pa SKA anapangana zoyamba ndi gulu la madishi lotchedwa African VLBI Network. Nzeru yake inali yosavuta kumva. Mayiko ambiri ali ndi madishi akuluakulu akale a matelefoni amene anasiyidwa zingwe za faiba zitafika, ndiye bwanji osawasandutsa matelesikopu? Ghana inatero ndi dishi ya mamita 32 ya ku Kuntunse, pafupi ndi Accra, imene inatsegulidwa mu August 2017. Ku Zambia maso anayamba agwera pa siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, imene inayamba kulumikiza dziko lino ndi mayiko akunja m'zaka za m'ma 1970.

Dishi yaikulu ya Zambia ikudikiridwabe. Madishi 197 a gawo loyamba la SKA, limene kumanga kwake kunayamba mu December 2022, onse ali ku South Africa. A m'mayiko enawo anaikidwa m'gawo lotsatira.

Pa nkhani ya anthu, zinthu zayendako. Kuyambira 2015 pulogalamu ya DARA, yotsogozedwa ndi University of Leeds ya ku Britain, yaphunzitsa achinyamata a ku Zambia ndi a m'mayiko anzake kugwiritsa ntchito matelesikopu a wailesi ndi kusanthula zimene amajambula, ena mpaka kupita kunja kukachita digiri yachiwiri ndi yachitatu. Ndipo ku Kitwe, makilomita pafupifupi 60 kuchoka ku Ndola, Copperbelt University imasunga ofesi ya kummwera kwa Africa ya bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union, yoona mmene sayansi imeneyi ingathandizire chitukuko. Ofesi ya chigawo chonse ili kuno ku Kopala, osati ku Lusaka kapena ku Harare.

Mantha anga ali apa. Dera lino likudziwa bwino chimene chimachitika dziko likangopereka nthaka. Mkuwa wakhala ukutuluka muno kwa zaka pafupifupi 100, uli m'mathiraki ndi m'mabogi, n'kubwerera uli waya, mota ndi foni za mtengo wowirikiza. Ngati Zambia idzangopereka malo oikapo dishi, mlonda wa pageti ndi wosesa pabwalo, pamene osanthula zimene dishiyo yagwira ali ku Cape Town, Manchester ndi Bonn, tidzakhala tabwereza nkhani yomweyo ndi thambo.

Ntchito yeniyeni ya sayansi imeneyi ili pa kompyuta. Ndi masamu, kulemba mapulogalamu, kusefa manambala ochuluka, kukonza zamagetsi zosalira phokoso. Maluso omwewa ndi amene amafunika ku banki, kuchipatala, ku zanyengo ndi ku migodi yamakono. Amene waphunzira kupeza quasar pakati pa madontho mamiliyoni sasowa pogwira, ngakhale atasiya zakuthambo monga anachitira Fanaroff.

Ndipo mafunso akuluakulu sanathe. Mu January 2021 analengeza za quasar yotchedwa J0313-1806, imene tikuiona mmene inalili chilengedwe chili ndi zaka 670 miliyoni zokha, koma black hole yake inali italemera kale ngati madzuwa 1.6 biliyoni. Malinga ndi masamu a kadyedwe ka ma black hole, nthawi imeneyo inali yochepa kuti ikule chotero kuchokera ku nyenyezi imodzi yakufa. Mwina inabadwa kale yaikulu, mtambo wonse wa mpweya utagwera pamodzi. Mwina inadya mofulumira kuposa mmene mabuku amanenera. Akatswiri akukanganabe, ndipo telesikopu ya James Webb ikupezabe ena a msinkhu womwewo.

SKA ikuyembekezeka kuyamba ntchito yake yonse m'zaka zingapo zikubwerazi. Mtsikana kapena mnyamata amene ali ku sekondale ku Mushili lero adzakhala ali ku yunivesite kapena atangomaliza kumene. Kuyambira January 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka Giredi 12, ndipo makalasi adzaza. Mphunzitsi wa physics amene ali ndi ana ochuluka chotero, ndi zipangizo zochepa, sangathe yekha kuwatengera ku Kitwe.

Kitwe ndiye ibwere. Telesikopu ya masentimita 20 imakwana kumbuyo kwa galimoto wamba. 3C 273 ili m'gulu la nyenyezi la Virgo, limene limakwera bwino madzulo mu April ndi May, mvula itangotha kumene, ndipo telesikopu ya msinkhu umenewo imatha kuionetsa ngati kadontho pamalo amdima. Pamafunika bwalo la sukulu, usiku wopanda mwezi, chilolezo cha ahedi ndi cha makolo, ndi mafuta a galimoto opita ndi kubwera pa msewu wa Kitwe ndi Ndola.